Denga la Kanungu

Padangokhala. Inu muzindivomera ndithu, chifukwa nthano iyi ndi ya munthu amene adasowa womuvomera.

Kalelo nyama zinkamanga nyumba ngati ife. Za misinkhu yawo musandifunse, sindidaziyeze. M'mudzi wina mudali Kanungu, kanyama kaminga kaja kamene kamadzipinda mukakagunda ndi phazi. Iyeyu adakulira m'masamba ouma kuseri kwa mudzi, ndipo mayi ake atamwalira adatsala yekhayekha. Anthu a m'mudzimo sankadana naye ayi. Moni ankamupatsa, koma moni wake wachapatali, wopanda chanza. Pamaliro ankamusiyira mphasa yonse, iwo n'kumapanikizana pa inayo. Mlendo akadaona akadati ndi ulemu, koma Kanungu ankadziwa chimene chidali.

Chaka china adati, basi, nanenso ndikhale ndi nyumba yokhala ndi khomo, mwina munthu akaona khomo adzaodira. Adadula mitengo, adazika nsichi mozungulira, denga adalilukira pansi monga amachitira, mapaso kuwakumanitsa kunsonga n'kuwamanga ndi luzi. Zonsezo adachita yekha. Koma mutu umodzi susenza denga. Ndipo mwambo wa mudziwo unkati tsiku lokweza denga mwini nyumba azisenza nawo, ndiponso ndiye azitsogolera nyimbo. Denga lokwera mwini wake ataima padera, ankatero akuluakulu, silimudziwa mwini wake, tsiku lina limamugwera.

Nyimboyo idali yaifupi. Mwini nyumba ankafunsa ngati mbali inayo kuli anthu, osenzawo n'kuyankha kuti aliko, ndipo pa kuyankhapo m'pamene onse ankanyamulira pamodzi. Kanungu ankaidziwa bwino, koma adali asadaitsogolereko chibadwire.

Adafulula mowa, n'kupita kwa Njiri, nyakwawa amene ankaitanitsa anthu ku ntchito za mudzi.

"Odi, a Nyakwawa."

"Ndani? Oo, Kanungu. Lankhulira pomwepo, makutu anga ndi abwino."

"Ndaluka denga. Ndimapempha mapewa."

"Mowa ulipo?"

"Mbiya ziwiri."

"Ndiye mapewa aliponso."

Adabweradi, Njiri patsogolo, pambuyo pake nduna yake Nyani, kenaka Gwape ndi ena onse. Mowa adayamba autha kaye, poti ntchito ya pakhosi pouma siyenda. Atatero adazungulira denga, aliyense n'kulowetsa phewa. Kanungu adaima pakati pa Gwape ndi Nyani, n'kuyamba nyimbo. Onse adavomera, ndipo denga lidadzuka mpaka m'mawondo. Tsoka lake n'lakuti Kanungu akamalimbikira chinthu, minga yake imaima yokha. Gwape idamubaya m'nthiti, adadumpha, mbali yake idapendekera, denga lonse n'kugwera Njiri kumaso. Zotupa zimene mumaona pankhope ya njiri zidayambira pamenepo.

"Tidzabwera tsiku lina," adatero Njiri atagwira tsaya. Onse adamwazikana, kusiya mbiya zili kukamwa yasa.

Kanungu sadali wopusa. Adakhala pansi, adaganiza, kenaka adapita pachulu. Adakanya dothi, adadzimata thupi lonse mpaka minga yonse idabisika, n'kukhala padzuwa kuti aume. Atauma adayenda pang'onopang'ono ngati mphika womera miyendo, mpaka kwa Nyani.

"A Nduna, tandikhudzani."

"Ine? Ndakulakwira chiyani?"

"Ingoyesani. Chikakubayani, mowa wonse wa ulendo uno ndi wanu."

Nyani adatambasula chala chimodzi, n'kugogoda pamsana pa Kanungu. Adagogodanso. Kenaka adayalapo dzanja lonse, akuseka. Kanungu adamva kulemera kwa dzanjalo kudzera m'dothi. Chimwalirireni mayi ake palibe amene adamuikapo dzanja. Adabwerera kwake akulimvabe.

Mowa wachiwiri utapsa, anthu adabweranso. Adaimba, adavomera, denga lidafika m'chiuno, lidafika m'mapewa, lidatsala pang'ono kukhudza nsichi. Apo Kanungu adalimbikira ndi mphamvu zake zonse, dothi lija lidang'aluka, minga n'kutuluka yonse nthawi imodzi. Ulendo uno idapeza Nyani. Denga lidagwanso, n'kugubuduka mpaka kuseri kwa nyumba.

Njiri adapukuta fumbi, n'kugamula ataima patali. "Kanungu, iwe si munthu woipa. Koma kawiri n'kokwana. Usadzatiitanenso."

"Nanga mvula, a Nyakwawa?"

"Mayi ako ankagona m'masamba, ndipo adakalamba."

Mvula idabweradi. Kanungu adafolera denga lija lili pansi pomwepo, adakumba kanjira kolowera, n'kumakhala m'katimo. Nsichi zidangoima pambali, zopanda chofunda. Madzi ankalowa pansi n'kumunyowetsa mimba. Masana mvula ikamagwa ankaimba nyimbo ija motsitsa, n'kusiya mpata pamalo povomera, mpatawo n'kungodutsa wopanda kanthu. Zidamuwawa kwambiri, kuposa madzi aja.

Tsiku lina akutuluka adamva timawu kumapazi kwake.

"Pepani, achimwene. Denga ili n'lanu?"

Kadali kachomera, masamba atatu okha, kakugwedeza kamutu uku ndi uku kufuna pogwira.

"N'langa. Ndinu yani?"

"Ndine Chitedze. Ndimapempha poyanga. Ndikakhala pansi ndiola."

Dzinalo Kanungu ankalidziwa, nanga ndani salidziwa? Chitedze ndi chomera choyanga chija chimene nyemba zake zikauma zimakhala ndi ubweya woyabwa, woti ukakugwera umavula ndi pamaso pa apongozi pomwe. Aliyense akachiona chikumera pafupi ndi nyumba amachizula chisadakule.

"Bwanji osapempha mtengo?"

"Wapafupi ndi uja wa pabwalo. Ndisadafike n'komwe andizula. Inu simukundiopa?"

"Ubweya wanu ungadutse pati?" adatero Kanungu, akugwedeza minga. "Kwerani. Denga lake ndi ili, lopanda ntchito."

Chitedze adakwera. Pakutha pa mwezi adali atagwira mapaso onse, ndipo za "inu" zidatha, adayamba kuitanana "iwe". Ankacheza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nthawi zambiri ankakangana, poti anthu awiri osiyana chotere sadaonekepo.

"Vuto lako," ankatero Chitedze, "ukaona munthu umadzipinda. Angakukonde bwanji munthu amene sadaonepo nkhope yako?"

"Nanga iwe? Ukaona munthu umamukumbatira asadakupatse ndi moni womwe."

"Ine ndimakonda anthu."

"Ndiye ali kuti anthu akowo?"

"Ali kumene kuli ako."

Apo ankaseka onse awiri. Wina minga yake ili poyera, imachenjeza munthu asadafike. Wina ukali wake ndi wofewa pooneka, umadziwika munthu atakhudza kale. Wina amayenda koma alibe kopita, wina amafuna kupita paliponse koma phazi lake lili pamodzimodzi. Adayesa kupeza amene ali pabwino, koma mlanduwo sudathe.

Tsiku lina mvula ikugwa, Kanungu adaiwala kuti ali ndi mnzake, n'kuyamba nyimbo ija. Atafika pampata paja, denga lonse lidachita phokoso la masamba. Adaleka. Adayambanso, ndipo pamalo pomwe paja masamba adayankhanso, osafulumira, osachedwa.

"Waidziwira kuti?"

"Ndidakali m'nthaka ndinkakumva. Ndinkadabwa kuti nyimbo yanji yokhala ndi dzenje pakati."

Kuyambira tsikulo ankaimba tsiku ndi tsiku. Dzinja litatha masamba adachepa, nyemba zidakhwima n'kuuma, ndipo Chitedze adayamba kuvomera ndi nyembazo, zikulira ngati maseche. Mawu ake ankamveka mpaka pabwalo.

Koma chilimwe chidabwera ndi nkhani ina. Kanungu adaona kuti chiswe chayamba kudya mapaso kumene adagunda nthaka. Iyenso chifuwa chimene adachitenga m'madzi muja chidali chisadamusiye.

"Dzinja lina pansi pano sulimaliza," adatero Chitedze. "Denganso silimaliza."

"Ndikudziwa. Liyenera kukwera mvula isadabwere."

"Adakukaniza uli wekha. Nanga lero uli ndi ine?"

"Ndisiye ndiganize."

Akuganiza choncho, adaona Nyani akuzungulirazungulira chapatali, ngati munthu wofuna nkhuni koma maso ali kwina. Mawa lake adaona Gwape. Kanungu adazindikira msanga chimene chikuwadya. Mudzi wonse unkamva nyimbo ija ikuvomeredwa, koma denga lidali kuseri kwa nsichi, ndipo palibe amene ankalimba mtima kufika pafupi kuti aone wovomerayo. Tsiku lachitatu Nyani adalephera kupirira.

"Kanungu, a Nyakwawa akuti ndikufunse. Amene amakuvomera uja ndani?"

"Ndi mlendo wanga."

"Mlendo wosakaonekera kwa eni mudzi?"

"Ndi wamanyazi, a Nduna. Akuti sangaonekere akuchokera m'nyumba yopanda denga, anthu angamuseke. Denga likakwera, aliyense amudziwa. Ndikulonjeza kuti palibe amene adzabwerere kwake osamudziwa."

"Ndi wamkazi?"

"Mudzaona nokha."

Nyani adathamanga nayo nkhaniyo, ndipo isadafike pabwalo idali itamera kale nthenga. Ena ankati Kanungu wakwatira mwana wa mfumu ya kutsidya, ena ankati ndi woimba wochokera kutali. Njiri adapirira masiku awiri, lachitatu adabwera yekha.

"Nkhope yangayi ukuiona, Kanungu? Sindifuna zina."

"Minga yanga sikhudza munthu, a Nyakwawa. Mwambo umati mwini nyumba asenze nawo. Ine ndisenza, koma ndikhala pakati penipeni, pansi pa nsonga, ndi mtengo wautali wokankhira. Inu nonse m'mphepete. Kuchokera pa ine kufika pa inu, ngakhale mkono wa a Nduna sungafike."

Njiri adayang'ana Nyani. Nyani adakanda mutu, adafunafuna polakwika, osapapeza.

"Mowa ulipo?"

"Mbiya zitatu."

Kanungu adagwira ntchito masiku anayi. Adamweta udzu watsopano n'kufolera pamwamba pa Chitedze, mpaka tsamba ngakhale limodzi silinkaoneka. Tsinde la Chitedze, pamene lidalowa m'nthaka kumbali kwa denga, adaliunjikira zinyalala. M'mawa wa tsikulo adatunga madzi mitsuko isanu n'kuthira denga lonse, chifukwa ubweya wa chitedze ukanyowa suuluka.

"Waona?" adatero akupuma. "Akamadzakudziwa, iwe uli kale pamwamba."

"Denga likakwera, ine ndikwera nalo?"

"Nanga utsala bwanji? Wagwira mapaso onse. Udzaona mpaka kutsidya, n'kumandiuza za kumeneko."

Chitedze adakhala chete kanthawi.

"Chifuwa chako chili bwanji lero?"

"Chilipo. Bwanji?"

"Ayi, palibe. Madzi atsalawo thira apa patsinde. Ndili ndi ludzu."

Kanungu adathira, osaganizapo kanthu. Adali ataganiza za mwambo, za minga, za ubweya, za mowa. Koma munthu woyenda ndi miyendo saganiza za mizu.

Anthu adabwera ambiri kuposa kale, ena opanda ndi phewa lomwe, ongofuna kuona mlendo. Adamwa, adazungulira denga. Kanungu adalowa pa kanjira kake, adaima pakati ndi mtengo wake, n'kuyamba nyimbo. Adafunsa ngati mbali inayo kuli anthu. Onse adayankha kuti aliko, ndipo pamwamba pa mawu awo padamveka maseche aja, akuchokera m'denga momwemo. Osenzawo adayang'anana, n'kunyamula ndi mphamvu.

Denga lidafika m'mawondo, lidafika m'chiuno. Atayamba kuyenda nalo kupita kunsichi, mbali imodzi idakana.

"Lakodwa kuno," adatero Gwape.

Kanungu ali m'katimo sankaona kanthu. Ankangoona kuti kachitatu kakufuna kulephereka, ndipo adafuula.

"Ndi luzi chabe. Kokani, a Nyakwawa. Inu ndi amphamvu, kokani."

Adakweza nyimbo. Anthu adavomera, maseche nawo adavomera kolimba kuposa masiku onse. Njiri adapita mbali yokanayo, adalowetsa mutu, n'kukankha kamodzi. Padamveka kuti phu, ngati munthu wazula chinangwa. Denga lidapepuka, lidakwera, n'kukhala pansichi bwinobwino ngati lidabadwira pomwepo.

Azimayi adalulutira. Nyani adakwera kukamanga luzi, n'kumapondaponda paudzu.

"Tsopano mlendo uja atuluke," adatero Njiri.

Koma dzuwa lidali litakwera, madzi aja atauma, ndipo kupondaponda kwa Nyani kudagwedeza nyemba zonse. Kamphepo kadadutsa. Woyamba kukanda adali Nyani, wachiwiri Gwape, kenaka bwalo lonse. Palibe amene adafunsanso dzina la mlendo, aliyense adamudziwa monga adalonjezera Kanungu. Njiri adathamangira kumatope n'kukagubuduka, ndipo mpaka lero sadaleke. Nyani naye, mukamuona pamwala, akukandabe za tsiku lomwelo.

Kanungu adaseka mpaka chifuwa chidamutsamwitsa. Adagona chagada pakati pa nyumba yake, akuyang'ana denga lake lili m'mwamba.

"Chitedze, wawaona? Tandiuza, a Nyakwawa afika pati?"

Sadayankhidwe.

"Iwe, leka manyazi, apita onse."

Adayamba nyimbo, adafika pampata paja, n'kudikira. Mpata udadutsa wopanda kanthu. Apo adadzuka n'kuzungulira kuseri. Pamene padali tsinde paja padali dzenje lonyowa. Atakweza maso adaona muzu uli lende kumphepete kwa denga, dothi likuyoyoka, kutali ndi nthaka.

Adalumpha, osaufikira. Adakoka mtondo, adakwerapo, adaugwira muzuwo n'kuukokera pansi, koma Chitedze adali atagwira mapaso onse, ndipo sakadatsika popanda denga kutsika. Adakanya dothi n'kuumata muzuwo uli m'mwamba momwemo, n'kumauthira madzi m'mawa ndi madzulo. Dothi linkauma n'kugwa, iye n'kumatanso. Adatero masiku asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri muzu udathyoka m'manja mwake ngati kamtengo kouma.

Apo m'pamene adakumbukira funso lija, ndi kukhala chete kuja, ndi madzi a patsinde. Chitedze ankadziwa. Ndipo mawu akuti kokani adatuluka pakamwa pa Kanungu mwini.

Mvula idabwera, denga silidadonthe ngakhale dontho limodzi. Chifuwa chija chidatha. Khomo lidalipo, koma palibe amene adaodira, poti tsopano ankaopa zinthu ziwiri. Mphepo ikawomba nyemba zouma zija zinkalira m'dengamo, ndipo masiku oyamba Kanungu ankadzidzimuka n'kuyamba nyimbo. Koma zinkalira pamene mphepo yafuna, osati pamene nyimbo yafuna.

Tsiku lina nyemba imodzi idasweka, njere ziwiri n'kugwera pansi. Kanungu adazitola. Imodzi adakaibzala padzenje paja, n'kumakhala pambali pake kudikira. Idamera, masamba atatu, kamutu kakugwedezeka uku ndi uku.

"Wabwera," adatero Kanungu.

"Pepani, bambo, ndinu yani?"

"Ndine Kanungu. Denga ili n'lako, kwera."

"Zikomo. Koma kodi kuno kulibe mtengo wautali?"

Kanungu adaimba nyimbo ija pang'onopang'ono, n'kusiya mpata waukulu. Kachomerako kadamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Nyimbo yabwino," kadatero. "Koma bwanji mumalekeza pakati?"

Kadayanga pansi, kadadutsa nsichi osazigwira, n'kulowera kuthengo kumene kudali mitengo. Kanungu sadakaletse.

Njere yachiwiri sadaibzale. Adaganiza kuti mwina Chitedze wake ali m'menemo, ndipo akaibzala n'kumufunsanso kuti ndinu yani, ndiye kuti watsala wopanda ndi chiyembekezo chomwe. Adaiika pamimba, pamalo pokhapo pamene alibe minga, adatuluka m'nyumba muja osatseka chitseko, n'kubwerera kumasamba ouma kumene adakulira.

N'chifukwa chake mukakumana ndi kanungu panjira amadzipinda msangamsanga, mutu ndi miyendo m'kati. Ana amati ndi mantha, ena amati ndi manyazi. Ine ndikuti musamukakamize ndi kamtengo kuti afunyuluke, pali chimene wafumbata.

Yathera pomwepa. Amene mwandivomera mpaka kumapeto, zikomo, si onse amene amawapeza otero.